Nyanja Imathera Pakhomo la Kalasi

Usiku wopanda mwezi, munthu woima pamchenga wa ku Kande kapena ku Chintheche amaona mzere wa nyali kutali pamadzi, wonga mudzi umene wamangidwa pakati pa nyanja. Amenewo ndi asodzi a usipa. Pakati pawo pali anyamata amene maina awo ali m'kaundula wa sukulu ya sekondale, ndipo kukacha, atatha kukoka chilimira usiku wonse, ena mwa iwo amasamba, navala yunifolomu, nakakhala kumbuyo kwa kalasi. Pofika phunziro lachitatu mutu uli padesiki. Aphunzitsi amati mnyamatayo ndi waulesi. Anzake amati watopa. Onsewo anena zoona pang'ono, koma pali funso limene latsala: nanga mtsikana amene wakhala pafupi ndi zenera, amene anagona bwino usiku wonse, bwanji nayenso maso ake ali kunja?

Chimene chimachitika m'makalasi ambiri a m'mphepete mwa nyanja muno sichisiyana ndi cha kwina konse m'Malawi. Mphunzitsi alowa, alemba mutu pabolodi, ndipo kwa mphindi 40 choko chilira pamene ana akukopera manotsi. Belu likalira alowa wina, nachita chimodzimodzi. Sikuti aphunzitsiwo ndi aulesi ayi. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ana ofuna malo ku sekondale anachuluka koposa, ndipo mu 1998 boma linasandutsa malo amene kale anali ophunzirirapo mwa makalata kukhala sukulu za sekondale zoyendera. Zambiri mwa sukuluzi zinayamba popanda labotale, popanda nyumba ya mabuku, ndiponso ndi aphunzitsi amene anaphunzitsidwa ntchito ya ku pulayimale. Pamene buku limodzi likugawanidwa ndi ana ambiri, bolodi ndiye limakhala buku, ndipo mphunzitsi amakhala makina osindikizira. Mwana amatuluka ndi kope lodzaza, koma tsiku lonse sanafunsidwe kanthu kamene iye akudziwa.

Kale sukulu inalibe chifukwa chonyengerera mwana wa kuno. Pamene Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kubwera ku Bandawe mu 1881, Atonga analandira sukulu ndi njala imene azungu aja sanaione kwina. Midzi inkapempha aphunzitsi, ndipo mishoni itasamukira ku Khondowe mu 1894, ana ambiri opita ku sukulu yaikulu ya kumeneko anali ochokera kunyanja kuno. Njira zophunzitsira za masiku amenewo sizinali zokoma kuposa za lero. Kunali kuloweza ndi kubwereza. Koma sukulu inali khomo loonekeratu. Wodziwa kulemba ndi kuwerengera ankapeza ukalaliki kapena ukapitawo ku Blantyre, ku Rhodesia ndi ku Joni. Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe mu 1896, anatuluka ku Livingstonia ali mphunzitsi, ndipo mu 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe la anthu apantchito la ICU, limene linagwedeza dziko la South Africa. Orton Chirwa ndi Kanyama Chiume wa ku Usisya, amene anadzakhala nduna ya zamaphunziro ufulu usanabwere, anali ana a boma lomweli.

Lero khomo lija lachepa. Mwana wa Fomu 2 amaona mkulu wake ali ndi satifiketi ya MSCE koma akungokhala pakhomo, pamene mnzake amene anasiyira sukulu panjira wabwera kuchokera ku Joni ndi ndalama za malata. Amaonanso kuti usiku umodzi wabwino panyanja umaika ndalama m'thumba kusanache. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo anyamata a kuno mawuwo anawamvetsa kalekale. Kotero sukulu ili pa mpikisano ndi nyanja, ndi msewu wa kumwera, ndiponso ndi ukwati. Kalasi yotopetsa ku Lilongwe imabala mwana wolephera mayeso. Kalasi yotopetsa ku Tukombo imabala desiki lopanda munthu. N'chifukwa chake nkhani yokometsa phunziro si yamasewera.

Tsono kukometsa phunziro sikutanthauza nthabwala kapena nyimbo, ngakhale mphunzitsi wanthabwala amakondedwa. Mwana amadzuka m'kalasi pamene wafunsidwa funso limene iye mwini afuna kudziwa yankho lake, ndipo mafunso otere ali mbwee pagombe. Mwachitsanzo, silabasi ya phunziro la zamoyo imafuna kuti ana adziwe mmene zamoyo zimadyerana motsatizana. Mphunzitsi angathe kulemba tanthauzo lake pabolodi, ana nalikopera. Angathenso kuyamba ndi funso lakuti: chifukwa chiyani usipa umabwera ku nyali, ndipo chifukwa chiyani asodzi amapuma mwezi ukawala? Funso lachiwiri mnyamata wa kumbuyo uja aliyankha asanakweze n'komwe dzanja: mwezi ukawala nyanja yonse, nyali ya siginala ilibenso mphamvu yosonkhanitsa nsomba pamalo amodzi. Funso loyamba ndilo limautsa mkangano, ndipo mkanganowo ndiye phunziro. Kuwala sikukoka usipa wokha. Kumakokanso tizilombo tating'onoting'ono toyandama m'madzi, timene ndi chakudya cha usipa. Tizilomboto timadya ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga chakudya chawo ndi kuwala kwa dzuwa monga amachitira masamba a chinangwa. Usipa nawo umadyedwa ndi ncheni, ndipo pamwamba pa zonse pali nkhwazi ndi munthu. Anawo akatchula okha maina onsewa, mphunzitsi amangojambula mivi pakati pa mainawo, ndipo tanthauzo la m'buku limabwera pomalizira, litapeza malo okhalapo.

Nkhungu nayo ndi buku lotsegula. Mlendo akaona mitambo yakuda ikukwera kuchokera pamadzi amayesa utsi wa sitima, koma mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti ndi tizilombo touluka, timene amayi amakola ndi lichero lonyowa naumba ndiwo. Chimene mwanayo sadziwa ndicho moyo wa tizilomboti tisanauluke. Timphutsi take timakhala m'nyanja. Usana timatsikira pansi kwambiri, kumadzi amene mpweya wa okosijeni ndi wochepa, kumene nsomba sizingatitsate, ndipo usiku timakwera kudzadya pamwamba. Nyanja ya Malawi, pansi pa mamita pafupifupi 250, ilibe okosijeni, popeza madzi ofunda a pamwamba ndi opepuka ndipo sasakanikirana ndi madzi ozizira a pansi. M'nkhani imodzi yomweyi muli kusinthika kwa tizilombo kuchoka ku dzira kufika pouluka, muli kupuma kwa zamoyo, muli kulemera kwa madzi ofunda ndi ozizira. Imeneyi ndi mitu itatu ya silabasi, ndipo yonse imadutsa pazenera la kalasi popanda kulipira.

Pali phunziro lina limene limafika pamimba. Chambo chachikazi, monga utaka ndi mbuna, chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndipo anawo akakula pang'ono amakhala m'madzi osaya a m'mphepete. Apa ndi pamene neti ya udzudzu, yosokedwa kukhala khoka, imakokolola zonse. Bungwe la Ripple Africa, limene lili ku Mwaya pafupi ndi Chintheche, lakhala likugwira ntchito ndi mafumu ndi nthambi ya boma yoona za nsomba kukhazikitsa makomiti a m'midzi oteteza malo oswerana nsomba. Kalasi imene yapatsidwa funso lakuti kodi n'chilungamo kulanda neti ya udzudzu kwa mayi wamasiye amene alibe ndiwo, sigona. Ena mwa anawo makolo awo ali m'komiti. Ena makolo awo analandidwapo neti. Mphunzitsi wanzeru sathamangira kugamula. Amawasiya akangane, kenaka nawauza kuti alembe maganizo awo m'ndime zitatu za Chingerezi, ndipo tsiku limenelo chimangirizo chimakhala ndi nkhani.

Aphunzitsi a masamu amadandaula kawirikawiri kuti ana a Fomu 1 samvetsa manambala otsika kupitirira ziro. Mabuku amafotokoza manambalawa ndi kuzizira kwa mayiko a chisanu, kumene mwana wa ku Kande sanakumvepo pakhungu lake. Komatu pamwamba pa nyanja ya Malawi pali pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo kumpoto kwa Nkhata Bay, kumene mapiri a ku Usisya amatsetsereka molunjika kulowa m'madzi, nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Tsono pansi pake pali pa mulingo wanji? Mwana akachotsera 700 pa 474 napeza kuti dothi la pansi pa bwato la atate ake lili mamita oposa 200 kunsi kwa gombe la Beira, kachizindikiro kochotsera kaja kamaleka kukhala matsenga. Pomwepo mphunzitsi wa jogalafe wapeza poyambira kufotokoza za chigwa chachikulu chimene chinang'amba nthaka ya kum'mawa kwa Africa. Chimodzimodzi kagawidwe ka ndalama za usodzi pakati pa mwini boti ndi antchito ake, atachotsa mtengo wa mafuta, ndi masamu a magawo ndi maperesenti amene anyamata amawerengera m'mutu mofulumira kuposa aphunzitsi awo, ndipo salakwitsa, chifukwa wolakwitsa amagona ndi njala.

Za mphepo, za bwato lolemera limene silimira pamene kamwala kamamira, za mabatire ndi mawaya a nyali zamagetsi zimene zinalowa m'malo mwa nyali za parafini, n'zosachita kufotokoza. Aliyense amene anamvapo kamphepo kochokera kunyanja masana ndi kochokera kumtunda usiku ali kale pakati pa phunziro la kutentha.

Pali ngozi imodzi pa zonsezi, yakuti kalasi ingasanduke ya anyamata okha, popeza ndiwo amapita pamadzi. Koma nzeru za atsikana n'zochuluka chimodzimodzi, ndipo mwina n'zozama koposa. Kondowole, chakudya cha tsiku ndi tsiku cha Atonga, amachokera ku chinangwa chowawa chimene munthu sangadye chachiwisi. Mtsikana aliyense amadziwa kuti chinangwacho amachisenda, nachiviika m'madzi masiku angapo kufikira chitafewa, nachiyanika, ndipo amadziwanso kuti nyengo yozizira ya mwera chimachedwa kufewa. Chimene sanauzidwepo n'chakuti iye ndi katswiri wa kemisitili. M'chinangwa chowawa muli mankhwala amene amatulutsa chiphe chotchedwa sayanaidi pamene mnofu wake waphwanyika. Kuviika kumapatsa mpata tizilombo tosaoneka tofewetsa chinangwacho, chiphe chija n'kusungunukira m'madzi, ndipo chotsala chimauluka poyanika. Kuchedwa kwa nyengo yozizira ndi lamulo lomwe lili m'buku, lakuti kutentha kumafulumizitsa kusinthika kwa zinthu. Zitini ziwiri, china padzuwa china pamthunzi, ndi zidutswa ziwiri za chinangwa: labotale yakwana. Ndipo funso lakuti chingachitike n'chiyani ngati banja la njala lifupikitsa masiku oviika, ndi funso limene mwina lidzapulumutsa moyo. Momwemonso mtsikana amene amathandiza amayi ake kuyanika usipa pathandala amadziwa za chinyezi, mphepo ndi kuola kuposa mmene manotsi anganenere. Ndipo kwa ana a kufupi ndi minda ya mphira ya Vizara, utomoni woyera umene umaundana ukathiridwa asidi ndi chitsanzo chimene sukulu za m'mizinda zingachisirire.

Chovuta chachikulu, chimene sichikambidwa mokwanira, ndi chiyankhulo. Mwana wa kuno amalota m'Chitonga, amaphunzira Chichewa ngati phunziro, ndipo maphunziro ena onse ndi mayeso ake ali m'Chingerezi. Chete amene amagwa m'kalasi mphunzitsi akafunsa funso nthawi zambiri si umbuli. Ndi mantha osekedwa chifukwa cha liwu lopotoka. Mwana amene angafotokoze mphepo ya mwera kwa ola lathunthu m'chiyankhulo cha amayi ake amasanduka wosayankhula pofuna kunena chiganizo chimodzi cha Chingerezi. Lamulo likuti aphunzire m'Chingerezi, ndipo bungwe la mayeso la MANEB silidzalandira yankho la m'Chitonga. Koma palibe chimene chimawonongeka ngati ana aloledwa mphindi zisanu kukambirana awiriawiri m'chiyankhulo chimene akuganizira, kenaka n'kupereka yankho lawo m'Chingerezi. Ganizo liyambe labadwa, zovala zibwere pambuyo. Sukulu zimene zimalanga mwana chifukwa choyankhula Chitonga pabwalo zimapeza bata, koma bata lake ndi la kumanda.

Phunziro la mbiri ndilo lili ndi mwayi woposa onse m'boma lino, ndipo n'zomvetsa chisoni kuliona likuphunzitsidwa ngati mndandanda wa zaka. Manda a amishonale oyamba ali ku Bandawe wakale, ulendo wa pansi kuchokera ku sukulu zingapo, ndipo zaka zolembedwa pamiyalayo zimanena zokha za malungo. Mtsinje wa Chintheche, kumene Atonga a Mankhambira anagonjetsa Angoni cha m'ma 1870, ana amauwoloka popita ku sukulu. Elliot Kamwana, amene anabatiza anthu zikwizikwi kuno mu 1908 ndi 1909 kufikira boma la atsamunda litamuthamangitsa, anali mwana wa sukulu ya Bandawe. Pa 3 Malichi 1959 anthu osachepera 20 anawomberedwa padoko la Nkhata Bay, ndipo adzukulu awo ali m'makalasi. Ngakhale gule wa malipenga, ndi maudindo ake ndi mayunifolomu ake oyera, ndi chikumbutso cha asilikali a nkhondo za azungu. Ntchito ya kunyumba yakuti mwana aliyense akafunse agogo ake za ulendo wa ku migodi, za Wenela, ndi za ndege imene inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, boma n'kuimitsa ulendowo, imabweretsa m'kalasi nkhani zimene buku lililonse lilibe. Imabweretsanso, mwakachetechete, funso limene mnyamata woganiza za ku Joni ayenera kudzifunsa: amene anapita anabwera ndi chiyani, ndipo amene sanabwere anathera kuti?

Aphunzitsi amene awerenga zimenezi ali ndi yankho, ndipo yankho lawo n'lolemera. Silabasi ndi yaitali, teremu ndi yaifupi, ndipo mkangano wa usipa umadya mphindi zimene zikanamaliza mutu wonse wa manotsi. Mphunzitsi amaweruzidwa ndi zotsatira za mayeso, osati ndi kuwala kwa maso a ana. Komanso maganizowa si atsopano. A Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulimbikitsa kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka pamalo, njira imene amaitcha TALULAR, ndipo ndondomeko ya SMASSE, imene inabwera ndi thandizo la dziko la Japan, yasonkhanitsa aphunzitsi a masamu ndi sayansi pa tchuthi kwa zaka zambiri kuwaphunzitsa zomwezi. Chimene chimafika m'kalasi nthawi zina ndi chikopa chokha. Ana amauzidwa kuti akhale m'magulu, mwana mmodzi wanzeru nalemba, ena asanu ndi awiri akuyang'ana, ndipo mphunzitsi waima pakhomo. Gulu lopanda funso lenileni n'lotopetsa kuposa manotsi, chifukwa manotsi amasiyako kanthu m'kope.

Kunena zoona, si phunziro lililonse limene lingayambire kunyanja, ndipo palibe amene angapemphe zimenezo kwa munthu amene ali ndi makalasi anayi ndi mulu wa makope. Mutu umodzi pa sabata ndi wokwanira kusintha mmene mwana amaonera phunziro lonse. Ndipo nthawi imene yaoneka ngati yatayika imabwerera pokonzekera mayeso, chifukwa chimene mwana anakangana nacho sachiiwala monga amaiwalira chimene anakopera. Chofunika n'chakuti phunziro lisathere pagombe. Nkhani ya usipa imene sifika pa mawu a sayansi amene mayeso adzafuna ndi macheza chabe, ndipo mwana wa msodzi sanabwere ku sukulu kudzauzidwa za nsomba zokha. Anabwera kuti adziwe zimene atate ake sadziwa. Kadalie anayambira ku Chifira, koma sanathere pomwepo.

Mwina chovuta chenicheni chili mumtima mwa mphunzitsi. Ena mwa aphunzitsi a sukulu za kunyanja ndi ochokera kumtunda, ku Mzimba, ku Dedza kapena ku Mulanje, ndipo sanakwerepo bwato. Kufunsa funso la usipa ndiko kuvomera pamaso pa ana 70 kuti mnyamata amene amalephera mayeso onse akudziwa chinthu chimene mwini digiri sadziwa. Ena amaopa kuti ulemu wawo uchepa. Komatu mnyamatayo, amene kwa zaka zitatu dzina lake lamveka pokhapokha poitana maina ndi popereka chilango, akaitanidwa kubolodi kuti ajambule mmene mabwato amazingira chilimira, amaimirira mosiyana. Amagwira choko ngati nkhafi, molimba kwambiri, ndipo chimathyoka. Anzake amaseka, iye natola chidutswa, najambula bwato la siginala pakati, mabwato awiri m'mbali, ndi muvi wosonyeza kumene madzi akukokera. Kenaka amatembenuka nati, “Aphunzitsi, apa mukalakwitsa mbali ya mafunde, ukonde umapita pansi pa nsomba.” Ndipo mphunzitsi, amene amafuna kuphunzitsa za mphamvu ziwiri zokoka chinthu chimodzi kumbali zosiyana, amapempha chokocho nawonjezera muvi wachiwiri pachithunzi cha mnyamatayo.